Pampu ya sola ya mainchi atatu: imakoka madzi bwino, koma za m'bokosi mwake sizikwanira

Pampu imene tikuiunika pano ndi ija yadzaza m'mashopu a zipangizo ku Chipata ndi ku Lusaka: yoponya m'chitsime, yonenepa mainchi 3, yoyendera magetsi ochokera ku mapanelo mwachindunji popanda batire. Pa bokosi pamalembedwa mayina osiyanasiyana, koma mkati mumapezeka zofanana: mota ya 72V (V ndi ma volt, muyeso wa kukankha kwa magetsi) ya mphamvu 750W (W ndi mawati), kabokosi koiyendetsa kotchedwa controller, timasensa tiwiri tozindikira pamene madzi afika, ndi kanthambo ka mamita awiri kapena atatu. Anthu anayamba kuifunafuna kwambiri mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi a ZESCO akuzima maola ambiri patsiku. Koma imene imawathandiza koposa ndi a m'mafamu ndi m'midzi ya ku Chipangali, Kasenengwa, Chadiza ndi Vubwi, kumene nthambo za magetsi sizinafike n'komwe.

Maganizo athu ndi akuti pampuyi ndi yabwino pa mtengo wake, ndipo ikaikidwa mwadongosolo imagwira ntchito zaka zingapo osavuta. Zambiri zimene zimafa msanga siziphedwa ndi kupangidwa kwake. Zimaphedwa ndi chitsime chosayezedwa, nthambo yopyapyala, mfundo yolowa madzi, mapanelo olumikizidwa mopitirira muyeso, ndi mphenzi. Zonsezi sizili m'bokosi, ndipo wogulitsa sazitchula mukapanda kufunsa.

Tiyambe ndi manambala a pa bokosi, chifukwa ndi amene amasocheretsa ambiri. Pamalembedwa, mwachitsanzo, kuti malita 3,500 pa ola ndi mamita 95. Manambala awiriwa sachitika nthawi imodzi. Malita 3,500 amatuluka pampu ikamakankha madzi pamalo athyathyathya popanda chokwera, ndipo pa mamita 95 madzi amangofika pakamwa pa paipi osatuluka. Chimene mufunika ndi tebulo kapena chithunzi cha m'kabuku kake, chosonyeza malita pa mamita 20, 30, 40, 50. Pampu yopanda tebulo limeneli musaigule ngakhale itsike mtengo chotani.

Kuti muwerenge tebulolo muyenera kudziwa msinkhu umene madzi anu akwere. Apa ambiri amatenga kuya kwa borehole yonse, ena amatenga pamene pampu yapachikidwa, ndipo onsewo ndi olakwa. Muyambire pamene madzi amaima pampu ikukoka. Tinene kuti borehole ndi ya mamita 60, madzi akapuma amaima pa mamita 18, koma mukakoka kwa maola angapo amatsika kukakhazikika pa mamita 32. Tengani 32. Onjezani nsanja ya thanki mamita 6 ndi thanki lenilenilo mamita 2, zakwana 40. Kenako paipi nayo imadya mphamvu. Malita 2,000 pa ola akamadutsa m'paipi yakuda ya 32 mm amataya mphamvu yofanana ndi kukwera mamita 4 kapena 5 pa mamita 100 alionse. Madzi omwewo mukawathinitsa m'paipi ya 25 mm amataya mamita oposa 15. Ndiye kusunga ndalama pa paipi yaing'ono n'kudzibera madzi tsiku ndi tsiku. Ndi paipi ya 32 mm yotalika mamita 100, msinkhu wanu wafika pa mamita 45. Pamenepo pampu ya 750W yokhala ndi mapanelo okwanira muiyembekezere kupereka malita 1,500 mpaka 2,000 pa ola dzuwa lili paliwombo, ndipo tsiku lonse lopanda mitambo malita 8,000 mpaka 10,000. Mu Januwale ndi Febuluwale, kukachita mitambo tsiku lonse, mungapeze theka lake kapena kucheperapo.

M'kati mwa pampu za mainchi 3 muli mitundu iwiri, ndipo kunja zimaoneka zofanana. Ina ili ndi chitsulo chopotana chozungulira m'kati mwa labala. Ambiri amangoti ya sikuluwu. Ina ili ndi timapiko tapulasitiki tosanjikizana. Ya sikuluwu imapereka madzi ochepa koma imakankha patali, ndipo imayamba m'mawa dzuwa likangotuluka pang'ono, chifukwa ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono imakwezabe madzi. Ya timapiko imapereka madzi ambiri pa msinkhu waufupi, koma imafuna liwiro kuti madzi afike pamwamba, choncho imachedwa kuyamba ndipo mtambo ukadutsa madzi amaduka. Pa msinkhu woposa mamita 40 ndi chitsime cha madzi ochepa, ife timakonda ya sikuluwu. Pa mamita 15 mpaka 30 ndi chitsime champhamvu, ya timapiko ndiyo yopindulitsa. Mdani wa ya sikuluwu ndi mchenga: umapala labala uja, madzi n'kumachepa mwezi ndi mwezi mota ikulirabe bwinobwino. Ubwino wake ngwakuti sikuluwu ndi labala wake zimasinthika ndi masipanala wamba, ndipo mabokosi ena amabwera ndi ina yapadera. Funsani ngati ilimo musanalipire.

Tsopano nkhani ya chitsime, imene ndiyo mutu wa zonse kuno kum'mawa. Madera ambiri a Chipata, Katete ndi Lundazi pansi pake ndi thanthwe lolimba, ndipo madzi amapezeka m'ming'alu ndi m'mwala wofumbutuka wa pamwamba pa thanthwelo. Boreholes ziwiri zotalikirana mamita 200 zikhoza kusiyana kutali, ina yamphamvu ina yongodontha. Borehole imene inkakwanira mjigo siyenera kuganiziridwa kuti ikwaniranso pampu ya sola, pakuti mjigo umakoka pang'ono ndipo umapumira anthu akamasinthana zidebe. Chitsime chopereka malita 0.3 pa sekondi chimatulutsa malita 1,080 okha pa ola. Mukachiika pampu yokoka malita 2,000, chimaphwa.

Chonyenga ndi ichi: tsiku loika pampu madzi amatuluka mwamphamvu ndipo aliyense amaomba m'manja. Madzi amenewo ndi ongosungika m'paipi ya chitsime. Paipi imeneyi, yotchedwa casing, ikakhala ya 110 mm imasunga malita pafupifupi 8 pa mita iliyonse, choncho mamita 25 a madzi ndi malita 200 okha. Pakatha mphindi khumi kapena makumi awiri madzi amayamba kutuluka mwa apo ndi apo, kulavula mpweya, kenako zii. N'chifukwa chake timalimbikira kuti woika pampu asachoke pamalo isanakoke maola atatu kapena anayi mosalekeza, ndipo muziyeza ndi chidebe cha malita 20 ndi wotchi pa ola lililonse. Chidebe chikadzaza m'masekondi 40, ndiye malita 1,800 pa ola. Chikamatenga nthawi yochulukirachulukira dzuwa lisanapendeke, chitsime chikugonja. Kuyeza kwabwino ndi kwa mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, madzi apansi atatsikiratu. Zimene mungaone mu Epulo zimakometsa nkhani.

Obowola ovomerezeka amayenera kukupatsani lipoti losonyeza kuya, pamene anapeza madzi, pamene anaika mapaipi ong'ambidwa olowetsa madzi, ndi kuchuluka kwa madzi. Kuyambira mu 2018 malamulo a dziko lino amafuna kuti boreholes zilembetsedwe ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, ndi kuti obowola akhale ndi chilolezo. Lipoti limeneli musalitaye. Ndi limene limakuuzani popachika pampu: pansi pa msinkhu umene madzi amatsikira, koma mamita osachepera 3 kuchokera pansi penipeni pamene pamadikha matope, ndiponso osati moyang'anizana ndi mapaipi ong'ambidwa aja, chifukwa pamenepo imayamwa mchenga mwachindunji.

Kasensa koteteza pampu madzi akaphwa kamabwera m'bokosi, koma nthawi zambiri timakapeza kali m'pepala lake, osalumikizidwa, chifukwa kamafuna nthambo yakeyake yotsika mpaka pansi. Kumeneko n'kulakwitsa kwakukulu. Labala wa sikuluwu akazungulira popanda madzi amapsa m'mphindi zochepa. Kasensako kamangidwe pa paipi theka la mita pamwamba pa pampu. Ndipo ngati chitsime ndi chofooka, musachepetse madzi potseka valavu pa pampu ya sikuluwu. Mphamvu imangounjikana mpaka paipi kuphulika kapena mota kutentha. Ma controller ambiri ali ndi batani kapena kogudubuza kochepetsera liwiro, gwiritsani ntchito kameneko. Kutseka valavu pang'ono kumaloledwa pa pampu ya timapiko yokha.

Pa mapanelo, lamulo losavuta ndi lakuti mphamvu yawo ipose ya pampu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kufika theka. Pampu ya 750W imafuna mapanelo a pafupifupi 1,000W, monga atatu a 330W. Chifukwa chake n'chakuti nambala ya pa panelo imayezedwa ili pa madigiri 25, pamene mu Okutobala galasi lake limatentha kupitirira madigiri 60, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti. Kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi Nyimba, kutentha kumeneku kumaonekera kwambiri. Koma chimene chimawotcha controller si mawati, ndi ma V. Ma controller ambiri a 72V amalembedwa kuti asalandire kupitirira 150V. Panelo la 330W likakhala lisanayambe kukokedwa limatulutsa pafupifupi 46V, atatu olumikizidwa motsatizana 138V, ndipo m'mawa wozizira wa Juni kapena Julayi nambalayi imakwera kufika cha m'ma 144V. Mpata ulipo koma ndi wochepa. Wina akaganiza zoonjezera lachinayi pa mzere womwewo kuti madzi achuluke, afika pa 184V ndipo controller imapsa nthawi yomweyo. Vuto latsopano labwera ndi mapanelo aakulu a 550W amene afala masiku ano: lililonse limatulutsa pafupifupi 50V, atatu ndi 150V, ndipo kukazizira adumpha malire. Aakuluwa ikani awiri okha. Werengani chomata cha kuseri kwa panelo ndi cha pa controller, muphatikize nokha, musadalire pakamwa pa munthu.

Chipata ili pafupifupi madigiri 13 ndi theka kumwera kwa equator, mzere wodula dziko lapansi pakati, choncho mapanelo ayang'ane kumpoto, atapendekeka madigiri 15. Akagona chathyathyathya amasunga fumbi ndi zitosi za mbalame. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pa panelo limodzi umafooketsa mzere wonse, ndiye yang'anani pamene mthunzi umafika 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo, makamaka mu Juni pamene dzuwa limadzera kumpoto kwambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zimaphimba galasi. Tsukani kamodzi pa sabata ndi madzi ndi kansalu kofewa, m'mawa galasi lisanatenthe.

Nthambo yotsika m'chitsime mumagula padera, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengedwa. Mota ya 72V imakoka magetsi ochuluka, pafupifupi 10A (A ndi ma amp, muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'nthambo). Pa mtunda wa mamita 60, nthambo ya waya wonenepa 1.5 mm² imataya pafupifupi 12V, ya 2.5 mm² pafupifupi 8V, ya 4 mm² pafupifupi 5V. Kutaya 12V pa 72V n'kutaya gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi la mphamvu imene munagula ndi ndalama. Mtunda ukapitirira mamita 40, tengani ya 4 mm², ndipo ikhale nthambo yopangidwira m'madzi, ya kopa weniweni. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni: kakaoneka koyera m'kati, ndi aluminiyamu wokutidwa, mubweze. Controller ikhale pafupi ndi chitsime, pamthunzi, pamalo podutsa mphepo. Kuseri kwa mapanelo ndi malo abwino, koma tsekani timabowo ta nthambo chifukwa nyerere ndi mavu zimakonda kumangamo.

Mfundo yolumikiza nthambo yaifupi ya pampu ndi yaitali imakhala m'madzi moyo wake wonse, pansi pa mamita 10 kapena 20, pamene madzi amafinya mwamphamvu. Tepi wakuda wamba sagwira pamenepo. Imafunika machubu ofota ndi moto okhala ndi guluu m'kati, waya uliwonse payekha kenako onse pamodzi, kapena kabokosi kothira utomoni wouma. Mfundo yolowa madzi imadziwika ndi pampu imene imayenda masabata angapo, kenako kumazima yokha, kenako kusiyiratu. Mawaya atatu a mota ali ndi zilembo U, V ndi W. Akasinthana, mota imazungulira chobwerera ndipo madzi amatuluka ochepa kapena osatuluka. Yesani mumgolo wa madzi musanatsitse, ndipo ikabwerera sinthani mawaya awiri alionse. Pampu imangiriridwenso chingwe cha nayiloni chakechake, ndipo nthambo imangidwe ku paipi pa mamita 2 kapena 3 alionse kuti isakhuzike ku casing. Pampu yolendewera pa nthambo ya magetsi kapena pa kolumikizira kapulasitiki kokha tsiku lina imagwera pansi, ndipo kuivuula n'kovuta kuposa kugula ina.

Ambiri amafunsa ngati angaike mabatire kuti ikoke usiku. Ife timati ayi. Thanki ndiye nkhokwe yanu: mumakolola madzi masana, mumadya usiku. Batire imadula, imatha m'zaka zochepa, ndipo imataya mphamvu polowa ndi potuluka. Ndalama yomweyo gulirani thanki losunga madzi a masiku awiri. Kumbukirani kuti thanki la malita 5,000 likadzaza limalemera matani 5, choncho nsanja yake isakhale ya zitsulo zopyapyala zowotcherera mwachangu. Miyendo ikhale m'konkire ndipo pansi pa thanki pakhale pothyathyathya ponseponse, apo ayi limang'ambika. Msinkhu wa mamita 10 ndiwo umapereka 1 bar, muyeso wa kukankha kwa madzi; nsanja ya mamita 6 imakwanira mipopi ya pakhomo ndi mapaipi odontheza m'dimba, koma siingazungulitse masipirinkala. Kasensa kachiwiri ka m'bokosi ndi ka m'thanki, kozimitsa pampu likadzaza. Kakapanda kuikidwa, madzi amasefukira n'kufewetsa nthaka ya pa miyendo ya nsanja.

Kodi madziwo angakwanire dimba lalikulu bwanji? Apa m'pamene ogula ambiri amakhumudwa, chifukwa amauzidwa kuti pampu imodzi ithirira hekitala. Repu, matimati, anyezi ndi kabichi m'nyengo yadzuwa zimafuna pafupifupi malita 5 pa sikweya mita patsiku, ndipo mu Okutobala zimafika 6 kapena 7. Lima imodzi, mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndi masikweya mita 2,500, choncho imamwa malita 12,500 mpaka 17,500 patsiku. Pampu yathu ya malita 8,000 mpaka 10,000, mukachotsapo a pakhomo ndi a ng'ombe, zimene iliyonse imamwa malita 40 kapena kuposerapo kukatentha, ikwanira theka la lima. Ndi mapaipi odontheza ndi kuphimbira nthaka ndi udzu mungafutukuleko pang'ono. Wofuna hekitala akufunika chitsime champhamvu ndi pampu ya mtundu wina, osati iyi.

Mphenzi ndi imene imapha ma controller ambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo sikuti imachita kugwa pa mapanelo penipeni. Ikagwa chapafupi, nthambo zazitali zimatola mphamvuyo. M'bokosi mulibe chotetezera chilichonse, ndipo ichi timachiwerengera ngati chofooka chenicheni cha katunduyu. Gulani padera chotchinga mphenzi cha DC (mtundu wa magetsi ochokera ku mapanelo), switch ya DC yodulira pakati pa mapanelo ndi controller, ndi ndodo yakopa yokhomera pansi yolumikizidwa ku zitsulo za mapanelo. Kukayamba kugunda mabingu, zimitsani switch. Switch ya magetsi a m'nyumba siyenera apa, chifukwa moto wa DC suduka msanga ndipo umaisungunula. Za akuba nazo musazichepetse: mapanelo a pa famu yopanda munthu wogona sachedwa kusowa. Aikeni pa chitsulo chachitali chowotcherera, mabawuti ake ophwanyidwa mitu, ndipo pakamwa pa chitsime pakhale chivundikiro chokhoma.

Controller ili ndi timagetsi tosonyeza chimene chavuta, ndipo tikuiyamikira pa chimenechi chifukwa timathandiza musanayambe kuvuula pampu. Kakayaka ka chitsime, madzi aphwa kapena nthambo ya sensa yaduka. Ka thanki kakayaka thanki lili lopanda madzi, sensa yakakamira kapena mawaya ake akhudzana. Ka mphamvu yochepa kakayaka masana dzuwa lili phwee, yang'anani fumbi, mthunzi ndi timapulagi ta kuseri kwa mapanelo, timene timapsa tikamangidwa molobodoka. Mota ikamalira bwino koma madzi ochepa, ndi sikuluwu yotha, paipi yoboola m'chitsime, kapena sefa ya pampu yotsekeka ndi utoto wofiira wa dzimbiri, umene umapezeka m'zitsime zina kuno. Chimene sitikondwera nacho ndi kabuku kake: Chingerezi chake n'chosokonekera, zithunzi n'zazing'ono, ndipo ma controller a mayina osiyana sagwirizana nthawi zonse ndi mota ya mnzake. Controller ikapsa patatha zaka ziwiri, mukhoza kupeza kuti shopu inasiya kuitanitsa mtunduwo. Amene angathe agule yachiwiri nthawi yomweyo n'kusunga.

Poyerekeza ndi pampu za mayina odziwika, kusiyana kulipo ndithu. Grundfos SQFlex ya ku Denmark imalandira magetsi a DC kuyambira 30V mpaka 300V ndiponso a AC, onga a m'nyumba, choncho mukhoza kuilumikiza ku jenereta pa masiku a mitambo, ndipo vuto la kuonjezera panelo limodzi silimaiopsa. Lorentz ya ku Germany nayonso ili ndi matebulo odalirika ndi zosinthira zopezeka. Mitengo ya pampu ziwirizi ndi yokwera kangapo. Pa sukulu, pa chipatala, kapena pa mudzi wonse wodalira chitsime chimodzi, pamene madzi akasowa sabata imodzi anthu amabwerera kudambo, timalangiza zodulazo. Pa khomo limodzi ndi dimba lake, ya 750W yotchipayi ndi yokwanira, malinga ndalama imene mwapulumutsa ipite ku nthambo yabwino, chotchinga mphenzi ndi thanki. Ndipo amene dimba lawo lili m'dambo, madzi ali pa mamita 3 kapena 4 m'chitsime chokumba pamanja, safunika pampu yoponya m'madzi yamphamvu chotere. Pampu ya sola yokhala pamtunda imakwanira, pokumbukira kuti pampu yoyamwa siikoka madzi akuya kupitirira mamita 7.

Popita kukagula, nyamulani manambala atatu papepala: pamene madzi amaima pampu ikukoka, malita amene chitsime chimapereka pa ola, ndi malita amene mukufuna patsiku. Pemphani kuti chitsimikizo chakuti adzakonza kapena kubweza katundu akawonongeka chilembedwe pa lisiti, chitchule mota ndi controller padera, ndiponso chinene ngati chikugwirabe ntchito pampu ikaikidwa ndi munthu amene si wa shopuyo, chifukwa ambiri amakana kubweza pa chifukwa chimenechi. Mitengo imasintha ndi mphamvu ya kwacha, choncho funsani m'mashopu angapo sabata yomwe mukugula, ndipo poyerekeza muphatikize nthambo, paipi, nsanja ndi thanki, pakuti zimenezi pamodzi kawirikawiri zimaposa mtengo wa pampu yeniyeniyo.